Laputopu Ikakana Kuonetsa Chithunzi pa TV: Mmene Mungapezere Pamene Pali Vuto

Funso limene anthu amandifunsa kawirikawiri pa nkhani ya makompyuta ndi lakuti, "Ndalumikiza laputopu ku TV ndi chingwe cha HDMI, koma TV ikungolemba kuti No Signal, kodi chawonongeka n'chiyani?" Popeza yankho lake silisintha, ndaona kuti ndi bwino ndililembe kamodzi mwatsatanetsatane, kuti aliyense amene wakumana ndi vutoli athe kulitsatira payekha asanawononge ndalama pogula zinthu zimene sizikufunika.

Musanagwire chilichonse, dziwani kuti chithunzi chimadutsa m'zinthu zinayi chisanafike m'maso mwanu: laputopu, chingwe, adaputala (kachipangizo kolumikiza mabowo osiyana mitundu) ngati mukuigwiritsa ntchito, ndi TV. Nthawi zambiri vuto limakhala pa chimodzi chokha mwa zinayizi. Cholakwika chimene anthu ambiri amachita ndi kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi, moti chithunzi chikabwera sadziwa chimene chathandiza, ndipo chikapanda kubwera sadziwa chimene chatsala kuti ayese. Muzisintha chinthu chimodzi, n'kuyang'ana zotsatira zake, kenako n'kupita pa china.

1. Dziwani mtundu wa mabowo amene ali pa laputopu ndi pa TV

Bowo lolowetsapo chingwe, limene ena amalitchula kuti poti, lili ndi mitundu ingapo, ndipo kudziwa mtundu wake kumathetsa mafunso ambiri pasadakhale. HDMI, imene inayamba mu 2002, ndi bowo lopyapyala lokhala ndi timapini 19 m'kati mwake, ndipo imanyamula chithunzi pamodzi ndi mawu. Malaputopu ena ang'onoang'ono ali ndi Mini HDMI kapena Micro HDMI, zimene zimagwira ntchito mofanana koma zimafuna chingwe cha mutu waung'ono. VGA, imene kampani ya IBM inatulutsa mu 1987, ndi bowo lija nthawi zambiri limakhala la buluu, la timapini 15 m'mizere itatu, ndipo imanyamula chithunzi chokha popanda mawu. DisplayPort imafanana pang'ono ndi HDMI koma ngodya yake imodzi yokha ndiyo yodulika, choncho musaikakamizire chingwe cha HDMI. Palinso USB-C, kabowo kakang'ono kozungulira m'mbali, kamene ndikafotokoza pakokha pa sitepe 6 chifukwa kamasokoneza anthu ambiri.

Muyang'anenso m'kati mwa mabowowo ndi tochi. Ngati mukuona kapini kopindika, fumbi lounjikana kapena kalilime ka pakati kothyoka, mwapeza kale chokayikitsa choyamba.

2. Sankhani pa TV bowo limene mwalowetsa chingwe

Ma TV ambiri ali ndi mabowo a HDMI awiri, atatu kapena anayi, ndipo TV imaonetsa bowo limodzi lokha pa nthawi imodzi. Yang'anani kumbuyo kwa TV nambala imene yalembedwa pambali pa bowo limene mwagwiritsa ntchito, kenako dinani batani la Source kapena Input pa rimoti n'kusankha nambala yomweyo. Mukasankha, dikirani masekondi angapo musanapite pa ina, chifukwa ma TV ena amachedwa kuyankha ndipo munthu wofulumira amadutsa bowo lolondola asanaone chithunzi. Bowo lolembedwa kuti ARC kapena eARC limalandiranso chithunzi ngati mabowo enawo, choncho musaliope.

3. Uzani laputopu kuti itumize chithunzi kunja

Pa Windows, gwirani batani la chizindikiro cha Windows n'kudina P. Kumanja kwa sikirini kudzatuluka zosankha zinayi. PC screen only imatanthauza kuti chithunzi chizioneka pa laputopu pokha, ndipo ngati ndiyo yasankhidwa, TV idzangolemba No Signal ngakhale zonse zili bwino. Duplicate imaonetsa chithunzi chimodzimodzi pa laputopu ndi pa TV. Extend imasandutsa TV kukhala mbali yachiwiri ya sikirini yanu, ndipo Second screen only imazimitsa sikirini ya laputopu n'kusiya TV yokha.

Pofufuza vuto, sankhani Duplicate. Anthu ambiri amene amati TV ikuonetsa chithunzi cha kumbuyo chokha popanda mapulogalamu awo amakhala ali pa Extend, ndipo pamenepo palibe chimene chawonongeka; zenera la pulogalamu limangofunika kulikokera kumbali mpaka litulukire pa TV. Ngati munasankha Second screen only ndipo masikirini onse awiri ada, zulani chingwe, chithunzi chidzabwerera pa laputopu. Pa makompyuta a Apple zosankhazi zili mu System Settings pa gawo la Displays.

4. Fufuzani ngati laputopu ikuiona TV

Apa ndi pamene malangizo ambiri amadumpha, komatu ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu akangoona No Signal amathamangira kugula chingwe china, pamene funso loyamba liyenera kukhala lakuti, kodi laputopu ikudziwa kuti kumapeto kwa chingwechi kuli TV? Yankho la funsoli limagawa vutoli pawiri, ndipo mbali ziwirizo zimakonzedwa mosiyana kotheratu.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa zimene zimachitika mukalowetsa chingwe. Laputopu ndi TV zimayamba zalonjerana, monga mmene anthu awiri amachitira asanayambe kukambirana nkhani. Laputopu imatumiza mphamvu yochepa ya mavoliti 5 kudzera pa kapini ka nambala 18. TV ikalandira mphamvuyo, imayankha kudzera pa kapini ka nambala 19, ndipo kuyankhaku n'kumene kumauza laputopu kuti chinachake chalumikizidwa. Kenako laputopu imawerenga, kudzera pa timapini 15 ndi 16, kachikalata kakang'ono kosungidwa m'kati mwa TV kotchedwa EDID, mmene mwalembedwa dzina la TV, kukula kwa zithunzi zimene imatha kuonetsa, liwiro limene imalandirira zithunzizo, komanso mtundu wa mawu amene imatha kuseweretsa. Pokhapokha laputopu itawerenga zimenezi m'pamene imasankha chithunzi choyenera n'kuyamba kuchitumiza pa timawaya tina ta m'chingwe chomwecho. Izi zikutanthauza kuti chingwe chingathe kukhala ndi timawaya ta chithunzi tabwinobwino koma kawaya kamodzi ka kulonjerana katadukira m'kati, ndipo pamenepo simudzaona chilichonse. Zingathekenso kuti kulonjerana kwatheka bwino koma chithunzi chenichenicho chikulephera kudutsa.

Tsopano yang'anani. Chingwe chili cholumikizidwa ndipo TV ili yoyaka, tsegulani Settings pa laputopu, kenako System, kenako Display. Ngati pamwamba pakuoneka timabokosi tiwiri tolembedwa 1 ndi 2, kapena kabokosi kamodzi kolembedwa manambala onse awiri, ndiye kuti laputopu ikuiona TV. Ngati pali sikirini imodzi yokha, pitani pa gawo la Multiple displays n'kudina Detect. Pa makompyuta a Apple, batani la Detect Displays limatuluka mukagwira batani la Option muli pa gawo la Displays. Mumvetserenso kulira kumene Windows imachita mukalowetsa kapena kuzula chingwe, ndiponso muone ngati sikirini ya laputopu ikuphethira kamodzi, chifukwa zizindikiro ziwirizi zimasonyeza kuti TV yayankha.

Pali zinthu zitatu zimene mungapeze. Choyamba, laputopu siikuona kalikonse, ngakhale mutadina Detect. Apa vuto lili pa chingwe, pa adaputala, pa bowo, kapena pa dalaivala (kapulogalamu koyendetsa chithunzi, onani sitepe 8), ndipo kusintha kukula kwa chithunzi sikungathandize chifukwa palibe kumene chithunzicho chikupita. Chachiwiri, laputopu ikuiona TV ndipo ikutchula dzina lake molondola pa gawo la Advanced display, koma TV ili bii kapena ikulemba kuti Mode Not Supported kapena Unsupported Signal. Apa kulonjerana kwatheka, ndipo vuto ndi lakuti laputopu ikutumiza chithunzi chimene TV kapena chingwe sichingakwanitse, choncho pitani pa sitepe 7. Chachitatu, laputopu ikuona kuti pali sikirini yachiwiri koma siikudziwa dzina lake, ikungopereka zithunzi zazing'ono monga 1024 x 768, ndipo mu Device Manager (onani sitepe 8 mmene mungaitsegulire) pa gawo la Monitors mwalembedwa kuti Generic Non-PnP Monitor. Zimenezi zimasonyeza kuti TV yayankha koma EDID sinawerengeke, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala adaputala, kabokosi kogawira chithunzi ku ma TV angapo, kapena chingwe chowonongeka.

Musanaweruze chingwe, yambitsaninso kulonjerana kuchokera pachiyambi, ndipo muchite zimenezi motsatira ndondomeko yake. Zulani chingwe cha HDMI mbali zonse ziwiri. Zimitsani laputopu kwathunthu, osati kungotseka chivundikiro. Zimitsani TV, kenako zulani pulagi yake pa soketi ya magetsi n'kudikira mphindi imodzi kapena ziwiri. Kuzula pulagi n'kofunika kwambiri chifukwa TV yozimitsidwa ndi rimoti imakhala ikungogona, ndipo kachipangizo ka m'kati kamene kamayang'anira mabowo a HDMI kamakhala kadakali ndi magetsi. Ngati kanasokonezeka, kadzadzuka kali kosokonezeka. Mukatero bwezerani pulagi, yatsani TV n'kusankha bowo lolondola, lowetsani chingwe mpaka mutu wake ukhazikike, ndipo pomaliza yatsani laputopu. Ndaona mavuto ambiri amene ankaoneka ngati aakulu akutha ndi njira imeneyi, ndipo n'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti muiyese musanapite patsogolo.

5. Yesani chingwe ndi adaputala chimodzi chimodzi

Ngati laputopu siikuionabe TV, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Poyamba sunthirani chingwe chomwecho pa bowo lina la TV, osaiwala kusintha Source. Chithunzi chikabwera, ndiye kuti bowo loyambalo ndilo lafa. Chikapanda kubwera, lumikizani chingwe chomwecho ndi chipangizo china chimene mukudziwa kuti chimagwira ntchito, monga dikoda kapena laputopu ina. Ngati chipangizo chinacho chikuonetsa bwino, chingwe ndi TV n'zabwino ndipo vuto lili pa laputopu yanu. Ngati nachonso chikulephera, yesani chingwe china chachifupi, cha mita imodzi kapena awiri, chifukwa zingwe zazitali kwambiri zimafooketsa chithunzi. Chizindikiro cha chingwe chofooka ndi timadontho toyera tothwanima pa sikirini, kapena chithunzi chimene chimazima kwa sekondi n'kubweranso.

Pa maadaputala, chimene muyenera kusamala nacho kwambiri ndi kumene chithunzi chikulowera. Chingwe wamba cha HDMI mutha kuchilowetsa mbali iliyonse, koma adaputala yosintha mtundu wa bowo imagwira ntchito mbali imodzi yokha. Adaputala yotenga HDMI n'kupereka VGA singagwire ntchito yotenga VGA n'kupereka HDMI, ngakhale mitu yake ikulowa bwino m'mabowo, chifukwa VGA imatumiza chithunzi cha analogi pamene HDMI imatumiza cha dijito, ndipo kachipangizo ka m'kati kamasintha kuchokera mbali imodzi kupita ina basi. Ngati laputopu yanu yakale ili ndi VGA yokha ndipo TV ili ndi HDMI yokha, mukufunika adaputala yolembedwa kuti VGA to HDMI, imene nthawi zambiri imakhala ndi kachingwe ka USB kotengera magetsi ndi kena kolowetsa pa bowo la mahedifoni. Mukaiwala kulowetsa kachingwe ka USB kaja, adaputalayo siyaka. Chimodzimodzinso chingwe chochoka pa DisplayPort kupita pa HDMI sichigwira ntchito mukachitembenuza. Zingwe zina zazitali za HDMI zokhala ndi tizipangizo m'mitu mwake zimalembedwa Source mbali imodzi ndi Display mbali inayo; mutu wa Source upite ku laputopu.

6. Ngati mukugwiritsa ntchito USB-C

Mabowo onse a USB-C amaoneka ofanana kunja, koma si onse amene amatulutsa chithunzi. Ena amangochajira batire ndi kunyamula mafayilo. Kuti bowo la USB-C litulutse chithunzi liyenera kukhala ndi luso lotchedwa DisplayPort Alt Mode, kapena likhale la Thunderbolt 3 kapena yatsopano kuposa imeneyo. Yang'anani pambali pa bowolo: chizindikiro cha mphezi chokhala ndi kamuvi chimasonyeza Thunderbolt, ndipo chilembo D chokhala ndi P m'kati chimasonyeza DisplayPort. Makampani ena salemba chizindikiro chilichonse, choncho njira yotsimikizika ndi kufufuza nambala ya mtundu wa laputopu yanu, imene imalembedwa kunsi kwake, pa tsamba la kampani imene inaipanga. Ngati bowolo lilibe lusoli, palibe adaputala wamba ya USB-C to HDMI imene ingathandize ndipo palibe dalaivala amene angaliwonjezere, chifukwa mawaya a chithunzi sanalumikizidwe ku bowolo pamene laputopu inkapangidwa.

Pa laputopu imene ili ndi mabowo awiri a USB-C, yesani onse awiri, popeza nthawi zina limodzi lokha ndilo lotulutsa chithunzi. Musamalenso ndi zingwe za USB-C zimene zimabwera ndi machaja, chifukwa zambiri zilibe mawaya onyamula chithunzi.

7. Chepetsani kukula ndi liwiro la chithunzi

Sitepe iyi ndi ya amene apeza kuti laputopu ikuiona TV koma chithunzi sichikubwera kapena chikuzimazima. Mawu akuti resolution amanena za kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi m'lifupi ndi m'litali mwa sikirini, monga 1280 x 720, 1920 x 1080, kapena 3840 x 2160 imene imatchedwa 4K. Mawu akuti refresh rate amanena za kangati pa sekondi chithunzi chimajambulidwanso, ndipo amayezedwa mu Hz. Zonse ziwiri zikakwera, chingwe ndi mabowo zimafunika kunyamula zambiri.

Dinani Windows ndi P n'kusankha Extend kuti muthe kusintha TV payokha mukuyang'ana pa sikirini ya laputopu. Mu Display dinani kabokosi ka nambala 2, ndipo pa Display resolution sankhani 1280 x 720, imene pafupifupi TV iliyonse ya HDMI imalandira. Pa Advanced display sankhani 60 Hz, ndipo ikakana yesani 50 Hz. Chithunzi chikabwera, kwezani pang'onopang'ono mpaka mupeze malire. Musade nkhawa kuti mulakwitsa, chifukwa mukasintha resolution osatsimikizira, Windows imabwerera pa yakale pakatha masekondi 15.

Amene ali ndi TV ya 4K ayenera kudziwa malire a mitundu ya HDMI. HDMI 1.4 ya mu 2009 imatumiza 4K pa 30 Hz, ndipo n'chifukwa chake kamuvi ka mausi kamaoneka ngati kakudumphadumpha pa malaputopu akale. HDMI 2.0 ya mu 2013 imafika 4K pa 60 Hz, pamene HDMI 2.1 ya mu 2017 imafika 4K pa 120 Hz. Chithunzi chimatsatira chinthu chofooka kwambiri pakati pa laputopu, chingwe ndi TV, moti chingwe chodula sichingakweze bowo lakale. Pa 4K ya 60 Hz mukufunika chingwe cha Premium High Speed, ndiponso ma TV ambiri amafuna kuti mutsegule nokha luso lonse la bowolo. Pa Samsung chosankhacho chimatchedwa Input Signal Plus, pa LG chimatchedwa HDMI Ultra HD Deep Colour, ndipo pa Sony chimatchedwa Enhanced format. Chosankha chomwechi chimagwiranso ntchito mobwerera: laputopu yakale imene ikukanidwa ndi TV yatsopano nthawi zina imayamba kuonetsa mukachizimitsa pa bowolo.

8. Yang'anani dalaivala wa chithunzi

Dalaivala ndi kapulogalamu kamene kamathandiza Windows kulankhula ndi chipangizo chopanga chithunzi cha m'kati mwa laputopu. Choyamba dinani pamodzi mabatani anayi awa: Windows, Ctrl, Shift ndi B. Mudzamva kulira kamodzi ndipo sikirini idzaphethira, kusonyeza kuti dalaivalayo wadzutsidwanso popanda kutseka mapulogalamu anu.

Zikapanda kuthandiza, dinani batani la Start ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Device Manager, n'kutsegula gawo la Display adapters. Muyenera kuona dzina la Intel, AMD kapena NVIDIA. Mukaona mawu akuti Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti dalaivala weniweni palibe, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri pa malaputopu amene angoikidwa kumene Windows. Dalaivala wongogwirizirayu amaonetsa chithunzi pa sikirini ya laputopu koma kawirikawiri satumiza kanthu ku HDMI. Tengani dalaivala woyenera pa tsamba la kampani imene inapanga laputopu yanu, ndipo mupewe mapulogalamu amene amalonjeza kukupezerani madalaivala onse nthawi imodzi, chifukwa nthawi zambiri amaika osayenera.

Malaputopu ena, makamaka a masewera, ali ndi zipangizo ziwiri za chithunzi, ndipo pa ambiri a iwo bowo la HDMI limalumikizidwa ku chipangizo champhamvucho. Ngati pa dzina lake pali kachizindikiro kachikasu kapena kamuvi koloza pansi, sikirini ya laputopu idzaoneka bwino koma HDMI idzakhala chete. Ngati vuto linayamba Windows itangodziikira zatsopano, tsegulani Properties ya chipangizocho, pitani pa Driver, n'kudina Roll Back Driver kuti mubwerere kwa dalaivala wakale.

9. Chithunzi chabwera koma sichikuoneka bwino

Vuto lofala kwambiri apa ndi lakuti m'mphepete mwa chithunzi mwadulika, moti mzere wa pansi wa Windows sukuoneka wonse. Zimenezi zimatchedwa overscan, ndipo ndi chizolowezi chimene ma TV anatengera ku nthawi ya ma TV akale a chubu, pamene chithunzi chinkakulitsidwa pang'ono kuti m'mphepete mwake mosalongosoka mubisike. Konzani zimenezi pa TV, osati pa laputopu. Pa gawo la kukula kwa chithunzi sankhani Just Scan ngati ndi LG, Fit to Screen kapena Screen Fit ngati ndi Samsung, Full Pixel ngati ndi Sony, kapena zimitsani chosankha cha Overscan pa mitundu ina. Mukakonzera pa laputopu pochepetsa chithunzi, m'mphepete mudzaoneka koma zilembo zidzakhala zosawerengeka bwino, chifukwa chithunzicho chikhala chachepetsedwa ndi laputopu kenako n'kukulitsidwanso ndi TV.

Ngati mitundu ikuoneka yotuwa, chakuda chikuoneka ngati phulusa, ndiye kuti laputopu ndi TV sizikugwirizana pa muyezo wa kuwala. Makompyuta amagwiritsa ntchito muyezo wa 0 mpaka 255 wotchedwa Full, pamene mapulogalamu a pa TV amagwiritsa ntchito 16 mpaka 235 wotchedwa Limited. Sankhani muyezo umodzimodzi mu pulogalamu ya Intel, AMD kapena NVIDIA komanso pa TV, pamene chosankhachi chimakhala ndi dzina lokhala ndi mawu akuti Black Level kapena Dynamic Range. Ngati kamuvi ka mausi kakuchedwa kutsatira dzanja lanu, yatsani Game Mode kapena lembani bowolo kuti PC pa mndandanda wa Source, kuti TV isiye kukometsa chithunzi isanachionetse.

10. Chithunzi chilipo koma mawu akutulukira pa laputopu

Dinani chizindikiro cha sipika pansi kumanja kwa sikirini n'kusankha dzina la TV pa mndandanda wa zotulutsa mawu. Ngati dzinalo palibe, dinani Windows ndi R, lembani mmsys.cpl n'kudina Enter, ndipo pa gawo la Playback dinani pamalo opanda kanthu ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Show Disabled Devices. TV ikatuluka, itseguleni ndi Enable kenako dinani Set Default. Mapulogalamu ena amene anali otsegula musanalowetse chingwe amapitiriza kutumiza mawu ku masipika a laputopu, choncho atsekeni n'kuwatsegulanso. Mawu a HDMI amayendetsedwa ndi dalaivala wa chithunzi, osati wa masipika, moti ngati TV siikupezeka pa mndandanda ngakhale mutachita zonsezi, bwererani pa sitepe 8. Amene akugwiritsa ntchito VGA asafufuze vuto lililonse, chifukwa mawu amafuna chingwe chakechake cha mamilimita 3.5 chochokera pa bowo la mahedifoni.

11. Zonse zikuoneka, koma filimu yokha ikuda

Nthawi zina mapulogalamu onse amaoneka bwino pa TV, koma mukangotsegula filimu pa Netflix kapena pa malo ena olipira, pamene payenera kuoneka filimuyo pamada bii kapena pamatuluka uthenga wokana. Chimene chikuchitika ndi chitetezo chotchedwa HDCP, chimene kampani ya Intel inapanga kuti mafilimu asamakoperedwe akamadutsa m'chingwe. Chipangizo chilichonse chimene chili pakati pa laputopu ndi TV chiyenera kuvomereza chitetezochi, ndipo mafilimu a 4K amafuna HDCP 2.2. Maadaputala a VGA ndi timabokosi togawira chithunzi ndiwo kawirikawiri amalepheretsa. Chotsani chilichonse chapakati n'kulumikiza laputopu mwachindunji ku TV, ndipo ngati bowo limodzi lokha la TV ndilo lalembedwa HDCP 2.2, gwiritsani ntchito limenelo.

12. Pamene bowo la laputopu lafadi

Ngati chingwe ndi TV zagwira ntchito ndi chipangizo china, dalaivala ali bwino, laputopu yanu yalepheranso pa TV kapena sikirini ina, ndipo Detect siikupeza kalikonse, pamenepo mungathe kunena motsimikiza kuti bowo la HDMI la laputopu lawonongeka. Zimenezi zimachitika chingwe chikakokedwa mwamphamvu laputopu ikusunthidwa, kapena magetsi akabwera modzidzimutsa pa nthawi ya mphezi n'kudutsa m'chingwe kuchokera ku TV. Ngati chithunzi chimabwera mukagwira mutu wa chingwe mopendekeka, ndiye kuti zolumikizira za bowolo zasweka pa bolodi la m'kati, ndipo katswiri wodziwa kuwotcherera tizipangizo tating'ono angathe kulikonza kapena kulisintha. Musapitirize kuligwedeza, chifukwa mungawononge timizere ta pa bolodi timene n'tovuta kukonza kuposa bowolo.

Poyembekezera kukonzetsa, muli ndi njira zina. Ngati laputopu ili ndi USB-C yotulutsa chithunzi kapena Mini DisplayPort, gwiritsani ntchito bowo limenelo ndi adaputala yoyenera. Ngati ilibe, pali maadaputala a DisplayLink amene amatumiza chithunzi kudzera pa bowo wamba la USB mothandizidwa ndi dalaivala wawo. Amachita bwino pa zolemba ndi zoonetsa za pa msonkhano, koma sakwanira pa masewera ofuna liwiro, ndipo mafilimu otetezedwa ndi HDCP nthawi zina amakana kuoneka. Ngati TV yanu ili ndi Miracast, njira yotumizira chithunzi popanda chingwe, imene pa ma TV ena imalembedwa kuti Screen Mirroring kapena Screen Share, itseguleni pa TV kenako dinani Windows ndi K pa laputopu n'kusankha dzina la TV. Pa makompyuta a Apple njira yofanana ndi imeneyi ndi AirPlay, imene imafuna kuti laputopu ndi TV zikhale pa Wi-Fi imodzi.